Oyilo akalowa m'radiyeta musathamangire kumasula hedi

Sabata ino tiyankha kalata ya bambo wina wa ku Chikwawa yemwe ali ndi makina okumba omwe amachititsa hayala. Akuti akatsekula radiyeta m'mawa akumapeza madzi atasanduka phala lofiirira ngati thobwa, ndipo oyilo wa injini akutsika pomwe pansi sipakuoneka dontho ngakhale limodzi. Makaniko wawo wati ndi hedi gasiketi ndipo akufuna ndalama zoyambira ntchito. Iwo akufunsa ngati alipire.

Bambo, musalipire kaye. Makinawo azimitseni lero lomwe, ngakhale mutakhala kuti mwalandira kale ya hayala. Zomwe mwafotokozazi nthawi zambiri zimachokera ku oil cooler, kachipangizo koziziritsa oyilo, ndipo kuikonza n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kumasula hedi. Malangizowa akukhudzanso inu nonse a mathirakitala, magireda ndi majenereta akuluakulu, kaya ndi Caterpillar, Komatsu, JCB kapena Massey Ferguson.

M'kati mwa oil cooler ya injini mumadutsa oyilo mbali ina, madzi mbali ina, ndipo pakati pawo pamangokhala kachitsulo kopyapyala ndi timalabala totchedwa ma O-ring. Injini ikamalira, pulesha ya oyilo pa injini zambiri za dizilo imakhala pa 3 kapena 4 bar, pamene ya madzi imangofika cha pa 1 bar. Tsono pakangobooka kabowo, wamphamvu ndi amene amalowa kwa mnzake. N'chifukwa chake mukuona oyilo m'radiyeta. Mukazimitsa injini, pulesha ya oyilo imatheratu koma madzi amakhala akadali otentha ndi pulesha yawo, choncho amayamba kulowa kwa oyilo. Apa ndi pamene pali ngozi. Oyilo wosakanikirana ndi madzi kapena coolant sateteza mabering'i, ndipo mapeto ake injini imanoka.

Hedi gasiketi ili ndi zizindikiro zake. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wosatha, m'radiyeta mumabwata thovu injini ikungolira kumene, mapaipi amadzi amalimba gwa, ndipo madzi amalavulidwa kunja. Ngati zonsezi palibe koma oyilo yekha ndi amene akupezeka m'madzi, yambani mwakayikira oil cooler. Kumbukiraninso kuti makina ambiri akuluakulu ali ndi ma cooler angapo. Ilipo ya injini, ya giyabokosi komanso ya hydraulic. Yang'anani ma dipisitiki onse muone oyilo amene akutsika, musamasulitse yosalakwa.

Njira yodziwira zoona ndi yapafupi, yofanana ndi momwe anyamata okonza njinga amapezera pobooka pa chubu. Makaniko achotse cooler, aitsuke, atseke khomo limodzi la oyilo, kukhomo linalo alowetse mphepo. Kenako aimize m'beseni la madzi. Pomwe pakutuluka thovu ndi pomwe pali bala. Mphepoyo ikhale yoyezedwa ndi geji monga likunenera buku la makinawo, chifukwa kuithira mphamvu yonse ya kompresa kungaphulitse cooler yabwinobwino. Madziwo akhale otentha ndithu, popeza ming'alu ina imatseka chitsulo chikazizira n'kutseguka chikatentha. Ndipo musafulumire kuivuula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kabowo kena kamatulutsa kathovu kamodzi patapita mphindi zingapo. Inu mwini mukhalepo poyesapo, muone ndi maso anu.

Thovu likapanda kutuluka, thokozani Mulungu, chifukwa kawirikawiri ndiye kuti olakwa ndi ma O-ring kapena gasiketi ya cooler, zomwe zimauma ndi kutentha. Gulani zenizeni za makinawo. Malabala ongofanana kukula ogula pa benchi ena sapirira oyilo wotentha, ndipo pakatha mwezi mudzamasulanso.

Thovu likatuluka, funsani kuti cooler yanu ndi ya mtundu wanji. Ya timapaipi ta mkuwa amisiri a maradiyeta amatha kuiwotcherera, kapena kutseka kapaipi kamodzi kapena tiwiri tobookato. Koma akatseka tambiri, oyilo sazizira mokwanira. Ya aluminiyamu, monga zambiri za hydraulic zomwe zimakhala pafupi ndi radiyeta n'kumazizira ndi mphepo ya fani, imafuna wowotcherera ndi argon, osati wa ma rodi owotcherera mageti. Ikhoza kukonzeka ngati mng'alu uli pa thanki kapena pakamwa pa paipi, koma ukakhala m'kati mwa zisa, mwayi ndi wochepa. Ya timapuleti tomatikizana, ikabooka m'kati, msiyeni mmisiri asakudyereni ndalama, gulani ina. Aliyense amene wakonza, kaya ndi ku Biwi, ku Ndirande kapena kwina kulikonse, aiyesenso m'madzi inu mukuona musanapereke ndalama.

Ndikudziwa kuti zipangizo zodula masiku ano, makamaka chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zambiri zimachita kuitanitsidwa kunja. N'chifukwa chake ena amayesa kumata ndi epoxy, ena kuthira mankhwala otseka mabowo m'radiyeta, enanso mpaka dzira kapena ufa. Abale anga, zimenezi siziletsa oyilo wotentha wa pulesha. Zimangotseka timabowo ta radiyeta, makina n'kuyamba kutentha pa dzuwa la Okotobala ntchito ili pakati. Ya salaula nayo muisamale. Cooler yochotsedwa pa injini yomwe inanoka imasunga tizitsulo m'kati tomwe situtuluka ngakhale mutsuke chotani, ndipo tidzalowa mu injini yanu. Poitanitsa yatsopano perekani serial number ya makina, chifukwa makina a dzina limodzi amatha kukhala ndi ma cooler osiyana.

Ntchito sithera pomanga cooler ayi. Phala lija likadali m'radiyeta ndi m'buloko. Tsukani ndi mankhwala otsukira radiyeta kapena sopo wosachita thovu, kulizako injini mpaka itenthe, kukhetsa, n'kubwereza mpaka madzi atuluke oyera. Finyani mapaipi onse a labala. Oyilo amafewetsa labala, choncho paipi yomwe yatupa kapena yafewa ichotseni isanaphulikire kumunda. Onaninso thermostat ndi chitsekero cha radiyeta. Oyilo wa injini ndi fyuluta zisinthidwe, ndipo ngati madzi analowamo ambiri, musinthenso kachiwiri makina akagwirako ntchito pang'ono.

Kwa inu amene cooler ya hydraulic ikuchucha kunja, chenjezo langa ndi ili: musafufuze pochucha ndi dzanja. Oyilo wa hydraulic wotuluka pa kabowo ka paipi ya pulesha amaboola khungu ngati jakisoni, ndipo munthu atha kuduka chala kapena dzanja akachedwa kupita kuchipatala. Gwiritsani ntchito chikatoni. Musanamasule kanthu tsitsani ndowa pansi, zimitsani injini, chotsani pulesha ya m'thanki, ndipo dikirani zizizire. Radiyeta yotentha nayo isatsekulidwe.

Nanga chimaboola cooler n'chiyani? Choyamba ndi madzi. Madalaivala ambiri amangotunga pa mjigo kapena mumtsinje n'kuthira. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje mijigo ina imatulutsa madzi a mchere, ndipo madzi otere amadya chitsulo chopyapyala m'kati mwakachetechete. Thirani coolant woyenera, wosakaniza kale kapena wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled. Chachiwiri ndi kugwedera. Mabawuti ogwira cooler akamasuka kapena malabala ake akatha, aluminiyamu imang'ambika. Chachitatu ndi fumbi ndi zinyalala za nzimbe kapena mapesi zomwe zimatseka zisa. Uzirani ndi mphepo kuchokera mbali yotulukira mphepo, ndipo musayandikitse paipi ya madzi a pulesha chifukwa imapinda zisazo.

Muuzeni dalaivala wanu kuti m'mawa uliwonse, asanalize injini, azisolola dipisitiki ndi kusuzumira m'radiyeta. Akaona kamafuta kakuyandama pamadzi kapena oyilo wayera ngati tiyi wamkaka, akuimbireni foni nthawi yomweyo, ndipo inu musamukalipire kuti waimitsa ntchito.

Pitirizani kutilembera. Sabata yamawa tidzakamba za dizilo wosakanikirana ndi madzi komanso momwe mungasungire mafuta m'migolo nthawi ya dzinja.