Galu Wolusa Ndi Galu Wamantha

Aphunzitsi anzanga, m'malokeshoni a ku Harare monga Mbare, Highfield ndi Mufakose nyumba n'zothithikana, ndipo agalu ena amaswera pa tcheni. Eni ake amati galu womenyedwa ndiye amalondera bwino. Ine ndikukana. Galu wotere si wolimba mtima ayi, ndi wamantha. Akabisa mchira pakati pa miyendo, akupempha kuti timutalikire. Akasowa kothawira, amaluma. Nanga wolumidwayo amakhala ndani? Kawirikawiri ndi mwana, osati mbala.

Choncho aphunzitseni ana m'kalasi mwanu: asamugende, asathamange, aime chilili osamuyang'ana m'maso. Wina akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala msanga, poti chiwewe chikangoonekera sichichizika.