Alimi a ku South Dakota anakana paipi. Nanga munda wa amai anu auteteza ndani?

Abale anga, maka-maka inu acinyamata amene makolo anu akali kulima kumudzi, khalani pansi mumvele nkhani iyi ya ku America. Musaione kutali.

Kampani yochedwa Summit Carbon Solutions inakonza zoika paipi ya makilomita pafupi-fupi 4,000 kupyola m'minda ya ku Iowa, Minnesota, Nebraska, South Dakota na North Dakota. Colinga cinali kutenga mpweya wa carbon dioxide ku mafakitale 57 opanga ethanol kucokela ku cimanga, n'kukaukwilila pansi pa nthaka ku North Dakota. Ati n'kuteteza nyengo. Koma boma la America limacotsela kampani msonkho mpaka madola 85 pa tani iliyonse ya mpweya wokwililidwa. Mwamva? Ni bizinesi iyi.

Alimi ambili anasaina n'kulandila ndalama, ena anakana. Kampani inapempha mphamvu ija ya boma yotenga malo a munthu ngakhale mwini wake safuna, malinga amulipila. Ku Iowa, mu June 2024, bungwe loona za mapaipi linavomela. Nyumba ya malamulo itayesa kucepetsako mphamvu imeneyi, bwanamkubwa Kim Reynolds anakana kusaina mu June 2025.

Ku South Dakota zinayenda mosiyana. Mu November 2024 anthu anavota, ndipo 59 pa 100 alionse anakana lamulo limene alimi anaona kuti likondela makampani a mapaipi. Mu March 2025 bwanamkubwa Larry Rhoden anasaina lamulo lalifupi cabe: paipi ya carbon dioxide siingatenge munda wa munthu mokakamiza. Ufuna kupita m'munda mwanga? Tikambilane. Nikakana, zunguluka.

Mantha ao sanali a cabe. Mu February 2020 paipi ya mpweya umenewu, ya kampani ina, inaphulika pafupi na Satartia ku Mississippi. Anthu opitilila 40 anapita ku cipatala, ndipo mamotoka anazima pa mseu cifukwa injini zinasowa mpweya wabwino.

Manje tibwele kuno kwathu. Paipi yotele tilibe, zoona. Koma lamulo la malo la 1995 liika malo onse a Zambia m'manja mwa Pulezidenti, ndipo lamulo la Lands Acquisition Act limulola kutenga malo alionse akaona kuti n'zothandiza dziko. Woweluza kuti cothandiza dziko n'citi ndani? Yemweyo wotenga. Mlimi wa ku South Dakota ali na pepala la malo ake na loya. Amai anu ku Petauke kapena ku Katete ali na mau a amfumu na mtengo wa mango umene agogo anabyala pa malile. Malo a makolo akasandulika a taito, pepala lifuna amfumu na khonsolo. Kodi wolima mundawo amamufunsa kangati?

Ena adzati otsutsa boma sitifuna citukuko. Iyai. Paipi ya TAZAMA yacokela ku Dar es Salaam kufika ku Ndola kuyambila 1968, eni ake ni maboma awili, ndipo mafuta ake tigwilitsa nchito tonse. Mseu, sukulu, cipatala, zimenezo tizimvetsa. Cimene tikana n'cakuti mphamvu ya boma ikhale kiyi yotsegulila munthu wandalama munda wa wosauka. Masiku ano makampani a kaboni, a migodi na a magetsi onse abwela na mau amodzi-modzi akuti n'zothandiza dziko.

Ise acinyamata a cipani tifuna lamulo linene poyela nchito zimene boma lingatengele malo. Ngati phindu ni la kampani, igule kwa mwini munda, ndipo akakana, wakana. Wolima malo a makolo awelengedwe monga mwini ngakhale alibe taito, ndipo ndalama alandile asanacoke, osati kumulonjeza.

MP wanu akabwela ku msonkhano, imililani mumufunse ngati adzavotela lamulo lotele. Ayankhe pamaso pa amfumu na anthu onse. Cimene ayankhe mutilembele pano, na dzina la dela lanu.