Sikani ya mtima wa khanda: woyamba kuona vuto ndinu

Ngati munapitapo kusikelo ya amayi oyembekezera, mwina munaona makina a sikani, aja amaonetsa mwana ali m'mimba. Makina a mtundu womwewo amaunikanso mtima wa khanda. Sapweteka mwana: amatumiza mafunde a phokoso losamveka m'khutu, ndipo mafundewo akagunda mtima amabwerera n'kupanga chithunzi.

Nkhaniyi ikukukhudzani chifukwa padziko lonse pafupifupi mwana mmodzi mwa ana 100 alionse amabadwa ndi vuto la mtima. Kwa ena kamakhala kabowo kotsekeka kokha, koma ena amafunika mankhwala kapena opaleshoni mwamsanga.

Mtima wa khanda ndi waung'ono ngati kachibakera kake, ndipo umagunda ka 120 mpaka ka 160 pa mphindi, choncho kuuyeza ndi maso n'kovuta. Apa m'pamene pulogalamu ya kompyuta imathandiza. Imatsata malire a zipinda za mtima pachithunzi, imayeza chipinda chikadzaza magazi komanso chikafinyika, n'kuwerengera magazi amene atuluka. Mtima wabwino umatulutsa magazi oposa theka la omwe anali m'chipindamo. Miyezoyi amaiyerekeza ndi kulemera komanso kutalika kwa mwanayo kuti adziwe ngati mtima watupa.

Masiku ano makinawa achepa msinkhu. Ena, monga Butterfly iQ, ndi ogwira m'manja ndipo amalumikizidwa ku foni. Mu 2020, bungwe la FDA ku America linavomereza pulogalamu yotsogolera wachipatala amene si katswiri kujambula mtima. Izi zikupereka chiyembekezo kuzipatala zakumidzi, koma tisathamange: pulogalamuyo anaivomereza pa akuluakulu. Mtima wa khanda umafunabe wophunzira bwino womasulira chithunzicho. Kwa mwana wa ku Mitundu kapena ku Nathenje, njira ikadali yomwe mukuidziwa: chipatala chapafupi, kenako kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital.

Ndiye funso lalikulu n'lakuti mwanayo afikako liti. Mwana ali m'mimba amakhala ndi kamtsempha kolambalalitsa magazi kuti asadzere m'mapapo, ndipo kamatsekeka m'masiku oyamba akabadwa. Ana ena a vuto lalikulu la mtima amaoneka athanzi mpaka kamtsemphako katatsekeka. Nthawi imeneyo mayi amakhala atatuluka m'chipatala, mwana ali m'chikuta, kumene amaonedwa ndi anthu ochepa.

Inu makolo, komanso inu odzipereka amene mumayendera amayi ongobereka kumene, yang'anani izi: kupuma koposa ka 60 pa mphindi mwana ali chete, pachifuwa kulowa m'kati akamapuma, lilime kapena milomo kuoneka yabuluu, kutopa ndi kutuluka thukuta akamayamwa, komanso kusakwera sikelo. Zizindikirozi zingakhalenso za chibayo kapena matenda ena oopsa. Chilichonse mwa izi, musadikire kuti mchombo ugwe, ndipo musataye masiku pofufuza amene wam'sempha mwana. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukafika, fotokozani zomwe mwaona ndi tsiku lomwe zinayamba, ndipo funsani ngati angamuyeze mpweya wa m'magazi ndi kachipangizo komangirira kuphazi kapena kudzanja. Akakupatsani kalata yopita ku Central, musaisunge kudikira kuti mugulitse fodya kapena mtedza. Sikani imayeza mwana yekhayo amene wafika pamakina.