Mawu a Mlangizi: Tizibenthu ta Mitengo M'dimba

Alimi anzanga, dzuwa likakula zitsime zimaphwa, ndiwo m'dimba n'kufota. Musatenthe tizibenthu totsala posema mipini kapena popala matabwa. Phimbirani nato mabedi a tomato, mpiru ndi kabichi, kuchindikala kwake zala zinayi. Nthaka idzasunga chinyontho, udzu udzachepa, amayi ndi ana adzapumako kutunga madzi.

Koma samalani, musatikwirire ndi khasu. Mtengo ukamaola m'nthaka umalanda chakudya cha mbewu, masamba nachita chikasu. Yambani mwathira manyowa ndi kuthirira, kenaka yalani pamwamba pokha. Siyani mpata kuzungulira tsinde kuti lisaole, ndipo muziyang'ana chiswe. Pa nazale musaikepo, timbewu tingalephere kutuluka. Yesani bedi limodzi chaka chino, mudzaone nokha kusiyana kwake.