Mbedza ya kuseri kwa chitseko

Adzukulu anga,

Sabata yatha mmodzi wa inu, pofunafuna mpira wake, anatulukira ndodo yansungwi kuseri kwa chitseko cha kachipinda kosungiramo makasu. Chingwe chake chinaola kale, ndipo mbedza inadyeka ndi dzimbiri. Anandifunsa kuti, "Agogo, ngati munkakonda kuwedza, nanga munalekeranji?" Ndinamuyankha kuti ndakalamba. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga, pakuti ndinadziwa kuti mwanayo ndamunamiza. Miyendo imene imandifikitsa kumaliro ku Kawale ndi ku Biwi singalephere kundifikitsa kumtsinje wa Lilongwe kuchokera kuno ku Mchesi.

Ndiyambe ndi mabuku, monga mwa chizolowezi cha mphunzitsi. Mu 1653 munthu wina wa ku England, Izaak Walton, anatulutsa buku lotchedwa The Compleat Angler, limene mpaka lero likusindikizidwabe. Muli anthu amene akumana panjira, wina wokonda mbedza, wina wokonda uzimba, ndipo wambedzayo akopa mnzake kufikira amusandutsa wophunzira wake. Walton analemba bukuli dziko lake litangotuluka m'nkhondo yapachiweniweni. Mu 1649 mfumu Charles I inadulidwa mutu, ndipo iye anali wa mbali ya mfumuyo. Ine ndimaona kuti mkuluyu ankapita kumtsinje kukapumitsa mtima, nsombazo zinali chonamizira chabe. Anamwalira mu 1683 ali ndi zaka 90.

Buku lina, limene ambiri a ife tinaliwerenga tili anyamata, ndi The Old Man and the Sea la Ernest Hemingway, la mu 1952. Nkhalamba ya ku Cuba yatha masiku 84 osapha kanthu. Itakola chinsomba chachikulu kuposa bwato lake, nsomba zolusa zam'nyanja zikuchidya panjira, ndipo iyo ikufika kumtunda ndi mafupa okhaokha. Koma m'mawa mwake ikukambirana kale ndi kamnyamata kake zobwereranso.

Mabuku awiriwa amatamanda munthu wosaleka. Taonani, komabe, chinthu chimene olemba onsewa sanachikayikire n'komwe: kuti m'madzi muli nsomba. Nkhalamba ya Hemingway inali ndi tsoka, koma nyanja yake inali yodzaza. Munthu akhoza kupirira tsoka zaka zambiri. Chimene chimamugwetsa mphwayi msodzi weniweni ndi kuzindikira kuti pansi pa madziwo palibe chimene akudikira.

Ife nzeru zathu za usodzi tinazisunga pakamwa. Amene anandiphunzitsa kumanga mbedza ankati ndikayamba kutekeseka, amangonena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, basi osaonjezera. Pamene atsamunda ankathira nsomba zakwawo za trout m'timitsinje ta paphiri la Zomba kuti azisewera nazo, atate athu ankawedza pofuna ndiwo. Koma musanyengedwe kuti mwa ife munalibe chikondi cha ntchitoyi. Ndinaona amuna akuluakulu akusiya nkhuku yophikaphika kunyumba, n'kukakhala tsiku lonse pamwala chifukwa cha timatemba tosadzaza ndi mbale yomwe.

Likulu la dziko litasamukira kuno mu 1975, mtsinje wa Lilongwe unali udakali mtsinje. Loweruka ndinkalawirira ndi chitini cha nyongolotsi, ndipo kawirikawiri ndinkabwerako ndi milamba iwiri kapena itatu, nthawi zina ndi makumba. Kenaka mzinda unakula. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinjewu umachokera, inayamba kupita m'matumba a makala, ndipo madzi a dzinja anasanduka matope. Okumba mchenga anagumula magombe. Zinyalala za m'misika, mapepala apulasitiki, mafuta a galimoto ndi zonyansa zina zosayenera kuzitchula pano, zonse zinapeza njira yolowera kumtsinje. Tsiku lina ndinapha mlamba waukulu ndithu, ndipo ndinayenda nawo monyadira mpaka kunyumba. Agogo anu aakazi atautumbula anangoti, "Bambo, uyu sindikuphikirani." Unkanunkha ngati dizilo. Tinaukwirira kuseri kwa nyumba, ndipo ndodo ija ndinaiimika pamene mwaipezapo. Sindinalumbire kuti ndaleka. Loweruka linangotsatana ndi Loweruka linzake.

Zanga n'zazing'ono, pakuti ine ndinali ndi malipiro a pamwezi. Kuno kwathu kuli bambo wina amene anagwira ntchito yaulonda zaka zambiri, koma anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Malombe ku Mangochi, ndipo anali ndi bwato ndi ukonde wakewake. Malombe inali nkhokwe ya chambo. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambocho chinatha, makamaka chifukwa cha makoka a maso aang'ono amene amakokolola pansi pa nyanja, kuzula udzu umene nsomba zimabisalamo ndi kufafaniza zisa zake. Dziwani kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana take m'kamwa. Mukachikola pa nyengo imeneyo, mwapha mudzi wonse. Boma linayambitsa makomiti a m'madoko kumeneko mu 1993, ndipo mu 1997 kunabwera lamulo latsopano losamalira nsomba, koma madzi anali atatayika kale.

Nditamufunsa bamboyu chimene chinamuchotsa kunyanja, ndinkayembekeza kumva za umphawi. Iye ananena za manyazi. Anati atate ake akapeza kasawala mu ukonde, ndiye kuti chambo chaching'ono, ankamubwezera m'madzi n'kumuuza kuti akaitane amake. Tsiku limene iye anadzipeza akuyanika kasawala pathandala kuti akagulitse pa chitini, anadziona ngati munthu wokazinga mbewu ya chaka chamawa. Anagulitsa ukondewo n'kukwera basi.

Ena adzati ndikulankhula ngati munthu wokhuta. Mwana akamalira ndi njala, amake amatenga neti ya udzudzu imene analandira kuchipatala n'kukakokera tinsomba, ndipo ine sindingawaponye mwala. Koma sindivomereza zimene achinyamata ena amanena, zakuti kusiya nsomba kuti ziswane ndi nzeru ya azungu kapena ya anthu a m'maofesi. Ndi mwambo wathu, ndipo umboni ulipo.

Pitani ku Salima mukafunse za chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko amatseka chilumbachi chaka ndi chaka. Mvula ikayamba mu Disembala asodzi onse amachokako, ndipo amabwerera mu Epulo pa mwambo wotsegulira. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Amayi nawonso saloledwa kufikako, lamulo limene ena lero amalitsutsa, ndipo nkhani imeneyo tidzaikamba tsiku lina. Chimene ndikufuna muone n'chakuti utaka wa ku Mbenji umatchuka ndi kukula kwake, ndipo akatswiri a zansomba ochokera kunja amapita kukaphunzira kwa anthu amene ambiri a iwo sanamvepo dzina la Walton. Boma nalo limatseka nyanja ya Malawi kwa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, koma lamulo la papepala limafuna wapolisi, pamene la ku Mbenji limasungidwa ndi anthu amene amaopa kuchititsa manyazi mudzi wawo.

Msodzi wa ku Mbenji amaleka miyezi inayi mwa kufuna kwa mudzi, ndipo amabwerera. Mnzanga wa ku Malombe ndi ine tinakhala m'malo amene palibe anafuna kuleka ngakhale sabata imodzi, kukoka, kukumba kapena kutaya zinyalala, ndipo tinalekeratu. Ineyo ndilinso ndi mlandu pamenepa. Zaka zonse zimene ndinkaimirira pamaso pa ana m'mawa uliwonse, ndinawalangiza za kusamba ndi kumeta tsitsi, koma sindikumbuka kuti ndinawatengerako kumtsinje kukawaonetsa chimene chinkachitika.

Dzulo ndinamuitana mdzukulu uja n'kumuuza za mlamba wa dizilo. Anaseka, kenaka anapempha ndodoyo. Ndamupatsa. Mbedza yatsopano ndikamugulira mumsika, ndipo ndamulonjeza kuti sukulu ikatsekera tidzakwera minibasi ya ku Salima, akaponye koyamba m'madzi a ku Senga Bay.