PAKHONDE PA MWALIMU: Kodi Nyenyezi Zimadziwika Bwanji?



Tsiku lina titatuluka ku swala ya Isha kuno ku Domasi, magetsi atazima, mwana wina wa ku madrasa anandikoka mkanjo. "Mwalimu, kodi anthu amadziwa bwanji za m'nyenyezi pomwe palibe anafikako?" Bambo ake anamukalipira kuti asatopetse akuluakulu. Ine ndinati msiyeni, funsoli ndi lanzeru.

Yankho lake lagona pa kuwala. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi. Kwa dzuwa kumatipeza patatha mphindi 8, koma kwa Alpha Centauri, nyenyezi yowala ija timaiona chakummwera, kumayenda zaka zoposa 4. Choncho tikakweza maso usiku timaona zakale.

Akatswiri amagwira kuwalako ndi makina oonera kutali nkukumwaza kuti kuoneke ngati utawaleza. Mpweya wa mtundu uliwonse umasiya timizere take m'mitunduyo, monga mmene chidindo cha chala chimasiyanira munthu ndi munthu. Umu ndi mmene mpweya wa helium unadziwikira ku dzuwa m'chaka cha 1868, usanapezeke pansi pano mu 1895. Timizere tomweti timasuntha pang'ono ngati chowalacho chikutithawa. Mu 1929, Edwin Hubble anasonyeza kuti milalang'amba yakutali ikutalikira ndithu, kutanthauza kuti thambo likufutukuka.

Musaganize kuti izi nzakutsidya kwa nyanja kokha. Ku South Africa, komwe abale athu ambiri amakagwira ntchito, kuli makina a MeerKAT m'dera louma la Karoo. Ndi mbale zikuluzikulu 64 zomwe zinatsegulidwa mu 2018, ndipo zimatchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, omwe diso silingaone. Makina ena, a James Webb, anaponyedwa m'mlengalenga pa 25 Disembala 2021 ndipo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera kuno.

Ntchitoyi si yachilendonso kwa ife. Zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, Ibn al-Haytham ali ku Cairo anafotokoza kuti timaona chifukwa kuwala kumalowa m'diso. Maina a nyenyezi monga Aldebaran ndi Altair ndi ochokera ku Chiarabu. Ife tomwe timadikira mwezi ukamayandikira Ramadhan, ndipo asodzi athu a ku Chilwa ndi ku Mangochi amaidziwa Nthanda, ngakhale kuti iyo si nyenyezi koma dziko la Venus lomwe limangobweza kuwala kwa dzuwa.

Nkhawa yanga, makolo anzanga, ndi yakuti mwana wokalipiridwa lero mawa safunsanso, ndipo akafika ku sekondale masamu ndi sayansi amaziopa. Kufunsa ndi kudziwa njira. Usiku wopanda mitambo yalani mphasa pabwalo, muwalozere ana Mlalang'amba, atsikana ndi anyamata omwe. Chomwe simukuchidziwa mukafunsire limodzi kwa aphunzitsi awo.

Mnyamata uja tsopano ali ndi kope lake momwe amajambulamo mwezi tsiku ndi tsiku. Analigula ndi bambo ake omwe aja.

Wassalam.