Kalata yotseguka kwa a Nduna ya za M'dziko ku Zimbabwe: ana a machona a m'minda ya tiyi akudikirabe zitupa

Olemekezeka a Nduna,

Ndakulemberani m'Chichewa chifukwa gawo 6 la malamulo aakulu a dziko lino a 2013 limachiwerengera pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Chilankhulo chathu munachilandira, koma eni ake ambiri mpaka lero alibe chitupa.

Mbiri yathu mukuidziwa. Agogo athu anachoka ku Nyasaland, ena wapansi, ena pa malole a Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Ena anafika ku minda ya tiyi ya Ratelshoek, Jersey ndi Zona kuno ku Chipinge, ena ku Aberfoyle ndi Katiyo ku Honde Valley. Kwawo anawatcha machona, kuno tikutchedwa mabwidi. M'Disembala 1976, nkhondo ya ufulu ili mkati, antchito 27 anaphedwa usiku umodzi ku Aberfoyle. Nkhondo ya Renamo itadutsa malire, makomboni athu ndi amene ankagona kutchire. Zipolopolozo sizinafunse munthu chitupa.

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Mwana wa mlongo wanga ali m'Giredi 7, ndipo aphunzitsi anena kuti popanda setifiketi ya kubadwa salemba mayeso. Mayi ake amathyola tiyi kuyambira mbandakucha, dengu kumsana, zala zili zakuda ndi utomoni wa masamba. Anasiya masikelo a masiku awiri, nalipira basi, nakaima pamzere pa ofesi ina. Anamuuza kuti abwere ndi chitupa chake. Iye alibe, chifukwa mayi athu analibe. Anati abweretse kalata ya imfa ya abambo athu, amene tinawaika kumanda a pa esiteti popanda pepala lililonse. Pomaliza anati abwere ndi kalata ya a sabhuku, mfumu ya kumudzi kwawo. Mudzi uti, a Nduna? Tinabadwira m'komboni, mfumu yathu anali kapitawo. Mibadwo itatu yatha motere, wachinayi ndi uyu wayamba kubwezedwa.

Mavutowa sanagwe ngati mvula. Lamulo la unzika la 2001 linapatsa anthu miyezi 6 yokha kuti akane unzika wa dziko lina, ngakhale dziko limene sanapondeko phazi. Amene sanamve, kapena analibe ndalama yokafikira ku Harare, anadzuka mu Januwale 2002 ali alendo, ndipo ambiri sanavote pa chisankho cha Malichi chaka chomwecho. Lamulolo linakonzedwako mu 2003, koma uthenga wake sunafike m'makomboni. Mu 2013 gawo 43 la malamulo aakulu linanena poyera kuti wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake lili nzika ya dziko la SADC, iyeyo nkumakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Papita zaka zoposa 10. Ena akuyendabe ndi zitupa za chilembo A, chizindikiro cha mlendo, ena alibiretu kanthu. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anakokolola ndi timapepala tochepa timene ena ku Chimanimani ndi Chipinge anasunga m'masutikesi.

Kafukufuku sanasowe. Bungwe la Zimbabwe Human Rights Commission linayenda m'zigawo zonse mu 2019 kumva madandaulo a zitupa, nkutulutsa lipoti mu 2020. Amnesty International inatulutsa lake mu Epulo 2021, likutchula chiwerengero cha UNHCR cha anthu pafupifupi 300,000 amene ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko. Nambalayi ndi yongoyerekeza, chifukwa munthu wopanda chitupa akaona mlendo ali ndi fomu ndi cholembera amalowa m'tiyi, kuopa kuti amuthamangitsa. Ophunzira a m'mayunivesite afika, atifunsa mafunso, tawayankha. Tatopa kuwerengedwa popanda kulembedwa m'kaundula.

Mumanena za chitetezo cha malire, ndipo ife sitikutsutsa. Kuchoka ku Mount Selinda kupita ku Espungabera, kutsidya kwa malire, ndi mtunda waufupi, ndipo njira zodutsa m'nkhalango ndi zambiri. Koma wapolisi wa pamsewu angasiyanitse bwanji wolowa mozemba dzulo ndi gogo wobadwira ku Zona, onse awiri akakhala opanda pepala? Malire amatetezeka boma likadziwa anthu ake ndi mayina awo. Wolembedwa sathawa wapolisi, amathamangira kukamuuza akaona zachilendo.

Kalembera woyendayenda wa mu 2022 anathandiza ena, ndipo tikuthokoza. Koma ambiri a ife anabwezedwa pa mafunso omwe aja. Bwerezani kalemberayo, magalimoto afike m'makomboni enieniwo, Loweruka ndi Lamlungu pamene anthu sali m'munda. Lamulani kuti mabuku a malipiro a pa esiteti, makhadi a sikelo ya ana, mabuku a ubatizo ndi umboni wa akuluakulu okhala nafe zilandiridwe. Uzani makalaliki anu onse zimene gawo 43 likunena, kuti ofesi iliyonse iziyankha chimodzimodzi.

Sitikupempha chifundo, a Nduna. Lamulo linatipatsa kale unzika. Mayeso akuyandikira, ndipo mwana uja akuwerenga usiku uliwonse pa kandulo. Mpatseni pepala lake alembe ndi anzake.

Ine wanu,
Mdzukulu wa mtchona,
Chipinge